Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Chitini cha agogo a ku Chiradzulu

M'gawo lathali ndinalekeza pomwe ndinalembedwa ukalaliki pa holoselo ina ku Limbe. Ntchito yanga yaikulu inali kuwerenga ndalama madzulo tikatseka, ndipo patebulo pomwepo ndi pomwe mtima wanga unagwera pa makobidi akale. Mu 1995 zinayamba kutuluka ndalama zachitsulo za nkhope ya a Bakili Muluzi. Wani tambala, yomwe tinakula tikuidziwa ndi tambala wake uja, inabwera ndi nsomba ziwiri. Ndinaona kuti za a Kamuzu zichoka osatsanzika, choncho ndikapeza yooneka bwino m'thumba la abwana ndinkaipatula n'kuikapo yanga.

Mwa apo ndi apo m'matumbamo munkapezeka sheleni ya 1964 ikuyendabe ngati 10 tambala. Kwacha itabwera mu 1971, paundi imodzi inasanduka makwacha awiri, ndiye sheleni inangolowa m'malo a 10 tambala, ya masheleni awiri ya njovu ija n'kukhala 20 tambala. Zinali zitaperepeseka kwambiri. Pa sheleni pali zisononkho za chimanga zomangidwa pamodzi, koma pa zomwe zinkandifika njere zonse zinali zitafufutika, pangotsala chithunzithunzi. Kumbali ya nkhope, tsaya ndi khutu ndi zomwe zimayamba kutha chifukwa ndi zotukuka, chala chimafikira pomwepo. Zimenezi sindinkazitaya. Ndalama yoyenda zaka 30 m'misika ya Ndirande ndi Bangwe singaoneke ngati yatuluka dzulo.

Mbiri inawanda yoti pa holoselo pali mkulu wogula ndalama zakale. Nthawi imeneyo kunalinso mphekesera, yomwe mpaka lero siinafe, yoti kuli azungu ogula makobidi oboola pakati ndi masimbi amakala akalekale pa mtengo woti munthu n'kumangira nyumba. Mzungu wakeyo palibe anamuonapo. Koma mphekeserayo inkandibweretsera anthu pakhomo, ena ndi maso ofiira ndi chiyembekezo, n'kubwerera atakhumudwa ndikawauza kuti khobidi la Chitaganya la njovu ziwiri lija alipo ambirimbiri.

Mmodzi wa anthu otere anandigulitsa rupiya ya Ajeremani, ya nkhope ya mfumu yawo Wilhelm II kwina, kwinaku mkango pansi pa mgwalangwa. Anati yachokera ku Karonga, komwe Ajeremani ndi Angerezi anamenyana mu September 1914. Nkhaniyo inandikoma, ndinalipira. Kunyumba nditaigwetsa pasimenti inangoti phu, osalira ngati siliva. M'mphepete mwake munali kamsoko kosonyeza kuti inathiridwa m'chikombole, ndipo nditaiyezetsa inapelewera kutali pa magalamu 11.66 a rupiya yeniyeni. Zinandiwawa, koma apo panangopita ndalama basi. Zomwe zimandisowetsabe mtendere ndi zina.

Panali mnyamata wina wonyamula katundu pa depoti ya mabasi, wa zaka zosafika 20, kwawo ku Chiradzulu. Tsiku lina anabwera ndi tiki imodzi, kandalama kakale ka mapeni atatu, yakuda bii. Ndinaiyang'ana pawindo n'kunena mosaganiza kuti, "Iyi yada kwambiri, chaka sichikuoneka, ndikupatsa pang'ono." Anangogwedeza mutu n'kulandira.

Kutha kwa mwezi anabweranso, ulendo uno ndi chitini cha tiyi chodzadza theka.

"Madala, lero simudandaula. Ndakukonzerani bwinobwino."

Atakhuthulira patebulo, zonse zinali mbee, kung'anima ngati mapoto okwechedwa kudambo. Anandifotokozera monyadira kuti anaziviika m'madzi a mandimu usiku wonse, m'mawa n'kuzikwecha ndi phulusa ndi mchenga.

Munali ndalama za Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero), zomwe zinkayendanso kuno chifukwa Nyasaland inalibe makobidi akeake. Zinayamba kusulidwa mu 1932, nthawi ya mfumu ya Angerezi George V, ndipo zoyambirirazo zinali siliva weniweni, magawo 925 pa 1,000. Mu 1944 siliva anachepetsedwa kufika theka, ndipo kuyambira 1947 anangoti mkuwa wosakaniza ndi nikelo. M'chitinimo munali za nyengo zonsezo. Tiki ya mikondo itatu, sikisipensi ya nkhwangwa ziwiri zopingasana, sheleni ya mbalame ya mwala ya ku Great Zimbabwe, ya masheleni awiri ya mphalapala. Munalinso za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zoyambira 1955: hafupeni ya akadyansonga, khobidi la njovu, tiki ya duwa. Zinthu zomwe ndinkangoziona pazithunzi zinali pamaso panga.

Nditatenga galasi lokuzira zinthu, mtima unatsika. Ndalama ikatha ndi manja a anthu imasalala mofewa, pamwamba pokha, m'makwinya n'kutsalira kuda komwe kumachititsa kuti zilembo ziwerengeke. Mchenga ulibe chisoni chotero. Paliponse panali timizere tokalika topingasana, ngakhale pamalo osalala pomwe chala sichikanawononga. Mandimu anali atadya mkuwa mpaka makobidi kusanduka ofiirira motuwa, okhala ndi timaenje. Siliva wokalamba amakhala ndi kakhungu kotuwira kodera komwe kamatenga zaka makumi kuti kapangike. Konseko kanapita ndi phulusa m'mawa umodzi, ndipo palibe mankhwala obwezera.

Ndinagulabe. Ndinapereka pafupifupi theka la malipiro anga a mweziwo, mayi a kunyumba osadziwa. Sindinafunse kuti chitinicho n'cha yani. Mumtima ndinkadziwa kuti mnyamata wonyamula katundu sangakhale ndi hafukolauni (ya masheleni awiri ndi theka) ya Mfumu George VI, koma ndinkafuna ndalamazo, ndiye funsolo ndinalimeza.

Yankho linabwera lokha Loweruka lina m'mawa. Mlonda anandiitana kuti kunja kuli agogo akundifuna. Ndinawapeza atakhala pansi pakhonde, ndodo pambali, mnyamata uja ataima chapatali akuyang'ana pansi. Ndinanjuta n'kuwalonjera.

"Ndinu amene mukugula ndalama za anthu akufa, bambo?"

Ndinasowa choyankha. Anapitiriza modekha, osakweza mawu. Amuna awo anapita ku Halale ali mnyamata, kenako kumgodi wa malasha ku Wankie. Ambiri opita kumeneko anatchona, koma iwo ankabwera, ndipo ulendo uliwonse ankasiya kenakake m'chitinimo. Ndalama zitasintha, zotsalazo sanakazisinthitse. Bambowo atamwalira chitini chinakhala pansi pa sutikesi, ndipo agogowo ankachitulutsa akafuna kuuza adzukulu za agogo awo aamuna. Mdzukulu mmodzi ndi uyu anaima apoyu.

Ndinapempha chilolezo kwa abwana n'kuthamangira kunyumba ku Bangwe. Nditabwera nacho, anayala chitenje pamiyendo n'kukhuthulirapo. Anayamba kutola imodziimodzi, kuiyandikitsa kumaso, kuitembenuza, kuibweza. Ankafuna sheleni ina yake. Anati inali yakuda kuposa zonse, ndipo ndi yomwe amuna awo anawapatsa pobwera ulendo woyamba, asanalowe m'banja. Masheleni analimo angapo, onse oyera mofanana.

"Nanga yanga ija ndi iti apa?"

Anafunsa mdzukulu wawo, osati ine. Mnyamatayo analira. Ine ndinakumbukira mawu anga a pawindo aja, oti yakuda ndilipira pang'ono. Iye sanakweche ndalamazo mwa nkhanza. Anamva zomwe wogula akufuna, n'kuchita zomwezo ndi mphamvu zake zonse.

Chimodzi chokha ndi chomwe anachizindikira msanga: khobidi la Southern Rhodesia lomwe bowo lake silinalinso lozungulira. Linali litatalika mbali imodzi chifukwa chokhala pachingwe zaka zambiri. Anati mwana wawo woyamba ankalivala m'khosi ali wakhanda. Mchenga sunathe kufufuta zimenezo. Kwa osunga makobidi, ndalama yotere ndi yotayika, palibe angaiwerengere mtengo. Inetu nditaiona koyamba ndinaiponya pambali pamodzi ndi zoti ndidzapatse ana azisewera. Agogowo anaimanga pa nsonga ya chitenje payokha.

Anandifunsa kuti ndalama zanga zikhala bwanji, popeza mnyamata anali atadya kale, zina anagulira nsapato, zina anabweza ngongole. Ndinawauza kuti asiye. Anakana, amvekere iwo sakufuna kupita ndi mangawa kumanda. Tinakambirana nthawi yaitali, mlonda n'kulowererapo, mpaka tinagwirizana kuti akakolola adzanditumizira nandolo. Ndinawaperekeza kudepoti n'kuwalipirira basi. Nandoloyo anabweradi, mnyamata yemweyo atasenza, ndipo sitinayang'anane m'maso.

Kuchokera pamenepo ndinasiya kugula kwa ana ndi anyamata. Wobwera ndi chitini ndinkamuuza kuti akabwere ndi mwini wake, ndipo ambiri sankabweranso. Wobwera ndi yakuda ndinkamuuza poyamba penipeni kuti asaikhudze ndi chilichonse, ngakhale sopo, ndipo ndinkalipira yakudayo kuposa yoyera kuti uthenga ufike kudepoti. Unafika mochedwa. Kwa nthawi ndithu ndinkalandirabe makobidi okwechedwa, ena mpaka ndi sandipepa, ochokera m'masutikesi a midzi yomwe sindidzaidziwa. Zina mwa ndalama zomwe ndinazikana masiku amenewo sindinazionenso kwina kulikonse, kuphatikizapo kolauni (ya masheleni asanu) ya 1966, ya tsiku lomwe dziko lino linakhala lipabuliki.

Za theka la malipiro lija mayi a kunyumba anazimva kwa akazi a mlonda, ndipo nkhaniyo inakafika kwa ankhoswe. Inagwanso nthawi yoipa, chifukwa kuyambira pomwe kwacha inasiyidwa kuti iziyenda payokha mu 1994 mitengo inkakwera mwezi ndi mwezi, ndipo abwana anali atayamba kale kunong'ona zochepetsa antchito. Za bwalo la ankhoswe lija, ndi kalata yomwe ndinaipeza patebulo langa sabata yotsatira, ndikufotokozerani m'gawo likudzali.