Zikomo, Ndabwerera pa Nkhwazi Yanga

Abale, anzanga osema ziboliboli ndi ophunzira anga, mukudziwa kale za ngozi ya kabaza imene inandithyola mkono wamanja ndi kuumitsa zala zanga, choncho sindibwereza. Sabata ino ndagwiranso kasemasema, ndipo ndabwerera pa nkhwazi imene ndinaisiya mapiko atatuluka koma miyendo ikadali m'kati mwa mtengo. Ndayamika Chauta amene wandibwezera dzanja, mayi a kunyumba amene ankandisambitsa ndi kundidyetsa, a mpingo, ndiponso madokotala olimbitsa ziwalo amene ankandifinyitsa kampira mpaka misozi.

Koma pali mwana mmodzi amene ndikufuna nonse mudziwe zimene anachita, mtsikana wa pa benchi la kumapeto amene ena ankamuseka kuti kusema si ntchito ya akazi. Nkhwaziyo ndi ya phingo. Ndinasankha chipikacho mwadala kuti mutu ndi chifuwa zigwere pa mbali yoyera ya kunja, ndipo mapiko agwere pa mtima wakuda wa mtengo, monga mbalameyo imaonekera ikatera pa mtengo m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay. Aliyense wosema akudziwa kuti mbali yoyerayo ndi imene tizilombo timayambira kufumbula, ndiponso kuti phingo akasiyidwa pa dzuwa amang'aluka kumapeto. Popanda womutuma, mwanayu anachotsa nkhwaziyo pa khonde, anasungunula kandulo ndi kumata kumapeto konse, anaikulunga m'chiguduli n'kuiika pa thandala kutali ndi chinyezi. Zipangizo zanga ankazinola ndi kuzipaka mafuta, moti sindinapezepo dzimbiri ngakhale pa tupa.

Chimene chandigwira mtima kwambiri n'chakuti sanasemepo ngakhale nthenga imodzi. Luso ali nalo, ndipo wogula atabwera ndi ndalama kuti aimalize msanga, anamuyankha kuti aphunzitsi adzamaliza okha. Mwanawe, pa nthawi imeneyo ine ndemwe ndinali nditataya mtima, koma iwe unkalankhula ngati munthu amene waona kale dzanja langa litachira. Ambuye akudalitse pamodzi ndi makolo ako. Chipika chotere sindikadachipezanso, pakuti phingo wamkulu akusowa m'nkhalango zathu, ndipo kuyambira mu 2017 malonda ake a kunja amayendera malamulo a CITES, mgwirizano wa mayiko woteteza nyama ndi zomera kuti zisatheretu chifukwa cha malonda.

Ena, amene tinkadyera limodzi ntchito zikamayenda, anafika kunyumba kamodzi kokha, kudzafunsa ngati ndikugulitsa zipangizo zanga. Ndinamva, ndipo zipangizozo zilipo.

Ife amene tinakula tikuona ntchito za pa KuNgoni ku Mua, malo a chikhalidwe ndi zosemasema amene wansembe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, tinaphunzira kuti mbalame yosema imaweruzidwa pa mapazi, chifukwa nkhwazi yopanda zikhadabo zogwira chambo mwamphamvu imangokhala ngati nkhuku yotambasula mapiko. Gawo limenelo ndi limene latsala, ndipo dzanja limanjenjemerabe ndikasema nthawi yaitali, choncho ndizipita pang'onopang'ono. Ndamupempha mwana uja kuti phazi lamanzere aseme ndi iye, ine ndikuyang'ana, ndipo dzina lake lidzalembedwa pansi pa chibolibolicho pambali pa langa. Maphunziro ayambanso Loweruka m'mawa, ndipo aliyense abwere ndi mpeni wonola kale.