Lendi ya anthu atatu ndi chizindikiro chimodzi chimene ndinaiwala

Lachiwiri madzulo, Yeoville

Lero ndinaweruka msanga kushopu ku Mayfair, ndipo nditafika kuchipinda ndinadzikuta bulangeti, poti kuzizira kwa Juni kuno ku Joni kumalowa mpaka m'mafupa, kenako ndinayatsa laputopu yakale imene alamu anga anandibwereka. Ino ndi sabata yachitatu chiyambireni kuphunzira C, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs cha mu 1972 kuti alembere Unix, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Ndinachisankha nditamva kuti ngakhale mtima wa Linux (pulogalamu inanso yoyendetsa kompyuta), umene uli m'mafoni a Android amene tonse tikuyenda nawo, unalembedwa kwambiri m'chilankhulo chomwechi.

Ntchito ya lero ndinaiyesa yopepuka. Ndinafuna pulogalamu yoti izifunsa lendi ya mwezi n'kuigawa pakati pa ife atatu amene timakhala m'nyumba muno. Ndinailemba, gcc (pulogalamu imene imamasulira C kuti kompyuta imve) inaivomera, koma nditangolemba 4000 n'kudina Enter, pakanema panatuluka mawu awiri okha akuti Segmentation fault, basi pulogalamu n'kufa. Ndinawerenga mizere khumi ndi iwiriyo kangapo, ndikufunafuna semicolon (;) yosowa chifukwa ndi imene yakhala ikundipunthwitsa masiku onsewa, koma zonse zinali m'malo mwake. Tiyi anazizirira m'kapu ndili chiyang'anire.

Alamu atabwera cha m'ma 8 koloko anangosuzumira ali chiimire, jekete asanavule, n'kuloza mzere wa scanf, lamulo limene limawerenga zimene munthu walemba pa kiyibodi. "Alamu, mukamatumiza katundu ku Blantyre pa basi ya pa Park Station, kodi pachikwama simulembapo kumene akupita? Apa mwapereka katundu wopanda keyala." Ndinali nditalemba lendi, dzina limene ndinapatsa malo osungira nambalayo m'pulogalamu, m'malo mwa &lendi. Iwo anafotokoza kuti scanf imafuna kudziwa malo enieni m'memory amene ikaikepo nambala imene munthu walemba, ndipo kachizindikiro ka & ndi kamene kamaiuza malowo. Popanda iko, scanf inatenga zinyalala zimene zinali mu lendi, n'kuziyesa keyala, n'kukagogoda pakhomo losaloledwa, ndiye chifukwa chake Linux inaithamangitsa. Kwa sabata yathunthu ndakhala ndikuwerenga za ma pointer osatolapo kanthu, koma lero, chifukwa cha chikwama cha pa Park Station, ndayamba kuona kuti pointer ndi keyala chabe. Anandilangizanso kuti ndiziwonjezera -Wall nthawi zonse poitana gcc kuti izindichenjeza za zolakwika, ndipo nditayesa ndi cholakwa chija, inandichenjezadi n'kutchula nambala ya mzere.

Nditakonza, yankho linatuluka 1333. Ndinasangalala pang'ono, mpaka pamene ndinachulukitsa ndi 3 n'kupeza 3999. Randi imodzi yapita kuti? Apa sindinafune kuvutitsanso alamu, amene anali atayamba kale kuvundula nsima. Ndinapeza ndekha kuti C ikamagawa int (nambala yathunthu) ndi int inzake imataya chotsala osanena kanthu, ndipo wofuna chotsalacho ayenera kuchifunsa padera ndi chizindikiro cha %. Kunena zoona, khalidwe limeneli silinandikondweretse, chifukwa pa nkhani ya ndalama munthu amayembekezera kuuzidwa.

Ndawonjezera mzere wosindikiza chotsalacho, ndipo tsopano pulogalamu ikunena kuti aliyense apereke R1333, n'kutsala R1. Pa chakudya tagwirizana kuti randi imeneyo azipereka amene wachedwa kutsuka mbale. Mawa ndiyamba ma array (mindandanda ya zinthu zosungidwa pa dzina limodzi), amene alamu andichenjeza kale kuti amayamba kuwerengedwa pa 0.