Bokosi la mabuku a malemu pa nyengo ya mayeso

Mwezi wa Okutobala ndi umene laibulale yathu ya ku Highfield imadzaza kuposa miyezi ina yonse, ndipo mlendo wolowa pa nthawiyi angaganize kuti ana a mu Harare ndi okonda mabuku zedi. Pofika 8 koloko m'mawa mipando imakhala itatha, ena atakhala pakhonde, ena atatsamira khoma, koma mukayang'anitsitsa zimene zili m'manja mwawo mupeza kuti ndi mapepala a mayeso akale a ZIMSEC, mabuku a masamu ndi a sayansi, komanso makope a notsi zimene anakoperana kusukulu. Anawa sindiwadzudzula, pakuti mayeso a Fomu 4 ndiwo amalamula kumene mwana adzalowere, ndipo ambiri a iwo amathawira kuno chifukwa kwawo kulibe tebulo kapena malo opanda phokoso. Komabe ntchito yanga imandilamula kulemba ziwerengero ziwiri tsiku lililonse, cha anthu amene alowa ndi cha mabuku amene abwerekedwa, ndipo pa nyengo ino choyambacho chimakwera pamene chachiwiricho chimatsika. Mashelefu a nthano ndi ndakatulo amangolandira fumbi, ndipo amene amawakhudza ndine ndekha popukuta.

M'sabata yotere ndi mmene Lolemba masana kunafika mayi wina wa mumpingo mwathu ndi mnyamata wake, akukankha wilibala imene munali bokosi lachitsulo lobiriwira, la mtundu uja anthu akale ankasungiramo zovala za tchalitchi. Bambo a mayiwo anatisiya mwezi wathawu. Anali munthu wa ku Dedza amene anabwera kuno pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo anagwira ntchito yophika m'nyumba za azungu ku Avondale kufikira atakalamba. Titapatsana moni ndi kupepesana za maliro, mayiwo anati, "Mayi, mabukuwa atisowetsa chochita. Ana anga amawerenga Chishona ndi Chingerezi basi. Kuwatentha ndikuopa chifukwa bambo ankawakonda, koma tikawasiya kuseri kwa bedi chiswe chitha nawo. Muone inuyo amene mumadziwa za zimenezi."

Mphatso za mabuku timalandira kawirikawiri, ndipo ndinene mosabisa kuti zambiri zimakhala zotaya, monga mabuku a sukulu a silabasi imene inasinthidwa kalekale ndi magazini opanda zikuto. Bokosi ili linali losiyana. Pamwamba panali Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa koyamba lonse lathunthu mu 1922, ndi buku la Nyimbo za Mulungu lothothoka masamba. Baibulo ndinalibweza kwa eni ake nthawi yomweyo, chifukwa patsamba loyamba malemuwo analembapo mayina a ana awo onse ndi masiku awo obadwa, ndipo cholembedwa chotere malo ake ndi m'banja. Pansi pake panali mabuku ang'onoang'ono a Chichewa atamangidwa ndi chingwe cha mtengo wa khonje, ndipo pakati pawo ndinapeza Nthondo ndi Mbiri ya Achewa a Samuel Josia Ntara, komanso Sikusinja ndi Gwenembe ndi Kukula ndi Mwambo a John Gwengwe. Nthondo linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa olemba m'zilankhulo za mu Africa, ndipo chaka chotsatira linamasuliridwa m'Chingerezi ndi Thomas Cullen Young. Sizodabwitsa kulipeza mu Harare, poti kuyambira 1912, pamene mbusa Vlok anachoka ku Nyasaland kudzatumikira anthu a kwathu ogwira ntchito mu Salisbury, dzina lakale la Harare, njira ya pakati pa Nkhoma ndi mzinda uno inkayendedwa ndi alaliki ndi aphunzitsi, ndipo mabuku ankabwera nawo m'zikwama.

Chimene chinandikhazika pansi ndi mkati mwa chikuto cha Nthondo. Malemuwo analembamo ndi pensulo mndandanda wa anthu amene anabwerekapo bukulo, dzina lililonse lili ndi malo ake pambali: ena a ku Harari, kumene lero timati Mbare, ena a ku Highfield konkuno, wina wa pafamu ina ku Norton, wina wa kumgodi ku Shamva. Munthu akabweza, ankadula mzere padzina lake. Malo atatha mkati mwa chikuto chakutsogolo, mndandandawo unapitirira kuchikuto chakumbuyo, ndipo mayina awiri otsiriza anali osadulidwa, ngakhale kuti bukulo linabwerera ndithu. Ndinaona kuti wophika zakudya ameneyu ankachita ntchito yanga yomweyi, wopanda chidindo, wopanda shelefu, wopanda komiti, ndipo pepala la bukulo linada m'mphepete chifukwa cha zala za amuna ochoka ku ntchito za njerwa, za fodya ndi za m'migodi.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinathera pa tebulo lakuseri kukonza zimene zikanatheka kukonzedwa, uku ndikudzuka pafupipafupi kukaletsa phokoso ndi kulanditsa soketi imodzi yotchajira mafoni imene ana amalimbirana. Mdani wamkulu wa mabuku ang'onoang'ono akalewa ndi timawaya towalumikiza pamsana, chifukwa tikachita dzimbiri timadya pepala mpaka masamba apakati amagwa okha. Ndimatiwongola ndi nsonga ya mpeni, ndi kutichotsa mosamala, kenaka ndimasesa tsamba lililonse ndi burashi yofewa kuti ndichotse fumbi ndi zotsalira za njenjete. Ndikatero ndimasoka msanawo ndi singano ndi ulusi wolimba, kubowola patatu, kuyambira pakati kupita kumwamba, kutsikira kumunsi ndi kubwereranso pakati pomwepo pomanga mfundo. Pong'ambika ndimamatapo kachidutswa ka pepala lopyapyala ndi guluu woyera wochepa kwambiri. Selotepi sindilola kuti ifike patebulo limeneli, pakuti pakapita zaka zochepa imasanduka yachikasu, imauma ndi kugwa, n'kusiya banga limene silichoka, ndipo malemuwo anaigwiritsa ntchito pa Kukula ndi Mwambo mokwanira kuti mizere ina isawerengekenso. Buku likasokedwa ndimaligoneka pakati pa matabwa awiri, ndi kutsindika ndi njerwa zokulungidwa m'nyuzipepala mpaka m'mawa.

Ntchito ya manja yotere imapatsa munthu mpata wokumbukira kumene anachokera. Ine ndinakulira ku Mufakose, ndipo kusukulu tinkaphunzira Chishona ndi Chingerezi, kotero kuti kuwerenga Chichewa ndinaphunzira kwa agogo anga aakazi, amene maso awo atayamba kufooka ankandikhazika pamphasa madzulo kuti ndiziwawerengera Masalimo ndi nkhani ya Yosefe. Ndikaphonya liwu ankandibweza asanaone n'komwe patsambapo, chifukwa mavesiwo anali nawo pamtima. Nditafika ku sekondale m'zaka za m'ma 1980 ndinagwa m'chikondi ndi timabuku ta Pacesetters, timene tinkapatsirana pansi pa madesiki, ndipo lamulo lake linali lakuti ubweze m'mawa mwake, kaya wagona kaya sunagone. Pambuyo pake ndinadziwa njira ya ku Harare City Library ku Rotten Row, laibulale imene inayamba mu 1902, ndipo kumeneko ndinakumana ndi Charles Mungoshi, Dambudzo Marechera ndi Tsitsi Dangarembga. M'zaka za m'ma 1990 ndinkasunga ndalama ya minibasi kuti ndikafike ku chionetsero cha mabuku ku Harare Gardens, kumene osindikiza ochokera m'maiko ambiri a mu Africa ankayala katundu wawo. Pa mabuku onsewa palibe limene ndinaliwerenga chifukwa cha mayeso, ndipo lililonse linandifika kudzera m'manja mwa munthu wina amene anati, tenga ili, ukandiuze.

Kuwerenga kumeneku sindinasiye. Posachedwapa ndamaliza Glory la NoViolet Bulawayo, limene linatuluka mu 2022, ndipo ngakhale kuti m'malo ena limabwereza mawu mpaka kutopetsa, ndinasangalala kuona wolemba wa masiku ano akufotokoza za ulamuliro wa dziko pogwiritsa ntchito akavalo, abulu, agalu ndi mbuzi, njira imene agogo athu ankaidziwa bwino posimba za Kalulu ndi Fisi. Ndinalitchula kwa mtsikana wina wa Fomu 4 Lachitatu madzulo, magetsi atazima ndipo anzake atabalalika. Iye anandiyankha mwaulemu kuti, "Mayi, ndidzawerenga ndikamaliza mayeso," koma anakhalabe pafupi ndi tebulo langa akuonerera mmene ndinkasokera, kenaka anatola Sikusinja ndi Gwenembe ndi kufunsa ngati chimenechi chinali chilankhulo chija agogo ake amalankhula akakwiya. Anayesa chiganizo choyamba mokweza, nadabwa kuti akumva pafupifupi mawu onse.

Lachinayi kunali msonkhano wa komiti ya laibulale, ndipo nkhani ya bokosi inatenga nthawi yaitali kuposa ya denga lodontha. Apampando athu, amene ndi mphunzitsi wopuma ntchito ndipo ndimawalemekeza kwambiri, anati mabukuwa ndi chuma cha mtundu, choncho atsekeredwe m'kabati yagalasi kapena aperekedwe ku National Archives ku Borrowdale Road, kumene kuli akatswiri osunga zinthu zakale. Asungichuma sanatsutse zimenezo, koma nkhawa yawo inali pa malo, ndipo anati shelefu iliyonse yopanda kanthu iyenera kupita ku mabuku a sukulu, poti ndiwo amene makolo amafunsa. Maganizo onse awiriwa ali ndi nzeru, koma ine ndinapempha kuti ndiwaonetse chikuto cha Nthondo ndisanayankhe. Chinazungulira tebulo lonse, ndipo bambo wina wachikulire anakhala nacho nthawi yaitali chifukwa anazindikirapo dzina la amalume ake.

Ndinawauza kuti buku lotsekeredwa m'kabati limapulumuka ku zala za ana koma silipeza mwana woti alikonde, ndipo laibulale yathu ili ndi mabuku okwanira kale amene palibe amawatsegula. Malamulo aakulu a dziko lino la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma ine ndayenda m'mashopu a mabuku a m'tauni ndi pa anthu ogulitsa m'mbali mwa misewu, amene amayala mabuku a sukulu ojambulidwa pa fotokope, osapezamo buku la nthano la Chichewa ngakhale limodzi. Ngati mwana wa ku Highfield, ku Epworth kapena ku Dzivarasekwa saligwira bukuli pano, sindikuona kwina kumene angaligwire. Apampando anafunsa kuti, "Nanga likatayika, mayi, mudzatiuza chiyani?" Ndinayankha kuti lingathe kutayika ndithu, ndipo malemuwo ankadziwa zimenezo pamene ankalitumiza ku Shamva. Tinagwirizana pakati: Mbiri ya Achewa, limene pepala lake lafika pophwanyika likapindidwa, liziwerengedwa patebulo langa lokha, mabuku onse ndiwajambule tsamba ndi tsamba pa foni kuti mawu ake asatayike, ndipo otsalawo alowe m'kaundula ndi kuikidwa pa shelefu ya nambala 896, pamene pamakhala zolembedwa m'zilankhulo za mu Africa, pafupi ndi mabuku a Chishona ndi Chindebele.

Lachisanu linapita ndi kulemba makadi, kudinda chidindo ndi kujambula masamba, ntchito imene ilibe nkhani.

Loweruka masana timakhala ndi nthawi yowerengera ana aang'ono, ndipo sabata ino ndinapempha amayi a chigwirizano amene anali kukonzekera nyimbo m'tchalitchi kuti awiri kapena atatu adzakhale nafe. Ana anavutika ndi kalembedwe kakale, kamene "chifukwa" amalemba "cifukwa", ndipo mnyamata wina ankangoima pa liwu lililonse lotere mpaka agogo ena anamulanda bukulo mwachikondi, navala magalasi awo, n'kuwerenga okha ndi liwu la munthu wosimba nthano pabwalo. Pamene anafika pa mwambi wina anaima ndi kufunsa anawo tanthauzo lake, ndipo mtsutso umene unabuka, m'Chichewa chosakanikirana ndi Chishona, unakopa ngakhale a mayeso aja amene anali pakhonde. Mtsikana wa Fomu 4 uja anali pakati pawo, ndipo pamene ndinkatseka anabwereka Sikusinja ndi Gwenembe kwa masabata awiri, atandilonjeza kuti saligwira asanalembe pepala lake la masamu. Lonjezo limenelo sindinalikhulupirire kwenikweni, komanso sindinamukakamize kulibwereza.

Vuto limene latsala ndi lakuti mabuku a m'bokosi limodzi sangadyetse shelefu kwa nthawi yaitali. Komiti inandipatsa madola ochepa oti ndiyambire, ndipo ndisanapite kunyumba ndinakumana ndi mayi wina wa geni amene amakwera basi yodzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza kupita ku Blantyre. Ndinawapatsa mndandanda wa mabuku a Chichewa oti akafunse ku shopu ya CLAIM ndi kwa ogulitsa mabuku akale pamsika, ndipo pamwamba ndinalembapo mabuku a ana okhala ndi zithunzi, pansi pake a Willie Zingani ndi a Jolly Max Ntaba. Anauwerenga mndandandawo, naupinda, nauika m'kachikwama, kenaka anandichenjeza kuti mabuku ndi katundu wolemera amene adzadya malo a mpunga wa Kilombero ndi usipa umene makasitomala awo amayembekezera. Tinamvana kuti aziyamba ndi katoni yaing'ono yokwana pansi pa mpando, ndipo laibulale idzalipira mtengo wa malo amene katoniyo idzatenge.