Tepi yoyezera inandiletsa kugwira sipanala

Uno ndi mwezi wachitatu ndikuphunzira kukonza njinga zamoto pa galaja ina ya pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Za mashoko ndinkadziona ngati ndazitha: ikafewa khwimitsa, ikauma masula, basi. Sabata yathayi ndi pamene ndinazindikira kuti ndinali kutali.

Kunabwera bambo ena, alangizi a zaulimi, amene amayenda misewu yafumbi ya ku Lifuwu ndi ku Khombedza pa njinga ya 250cc, ya matayala a zipolopolo zija. Ndi munthu wathupi ndithu. Anati akagunda dzenje kumbuyo kumatsika mpaka kumenya, gu! msana wonse kumva. Mumchenga wa ku Senga Bay nako kutsogolo kumapepuka, chiwongolero n'kumakana kukhota.

Ine ndinali nditatola kale sipanala. Amisiri anga anangoti, "Iwe, ika pansi chimenecho. Katenge tepi."

Tinayamba ndi kuyeza mwini wake, pa sikelo ya venda wa chimanga wa pafupi nafe, atavala majombo, chipewa ndi chikwama chawo cha kumunda. Inawerenga makilogalamu 104. Njinga zambiri zamtunduwu zimachoka kufakitale ndi masipuling'i oyenera munthu wa makilogalamu 75 mpaka 85, ndiye vuto linayamba kuonekera pomwepo.

Kenako tinayeza njinga katatu, kuchokera pa ekiselo ya kumbuyo kufika pa kadontho komwe ndinalemba ndi choko pa madigadi. Koyamba tayala lili m'malere, kachiwiri njinga itaima yokha pansi, kachitatu bambowo atakwera, mapazi onse ali popondera, ine nditagwirizira kutsogolo. Kutsika kumeneku amati sag. Munthu akakwera, njinga iyenera kutsika gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse umene shoko imalola tayala kukwera ndi kutsika. Pa njinga zimene mtundawu ndi pafupifupi mamilimita 300, ndiye kuti 100 kapena 105. Yawoyo inatsika 138.

Apa amisiri anandilola kukhwimitsa mphete ya preload, yomwe imapanikiza sipuling'i ya shoko. Ndinapota, thukuta kamukamu ndi kutentha kwa Salima, mpaka tinafika pa 103. Ndinamwetulira. Iwo anati, "Bambo, tatsikani pang'ono. Iwe yezanso."

Njinga payokha inangotsika mamilimita 8. Imafunika kutsika pakati pa 30 ndi 40. Nambala imeneyi ndi imene imaulula: ngati wakhwimitsa mpaka njinga yopanda munthu yasiya kutsika, sipuling'iyo ndi yofewa kwa mwini wake. Poyamba zinandizunguza mutu, chifukwa m'maso zimaoneka ngati yauma kwambiri.

Usiku ndinafukula kope langa la Physics la ku sekondale. Lamulo la Robert Hooke, la m'chaka cha 1678, lomwe ndinaloweza kuti ndingokhoza MSCE, ndinalimvetsa tsiku limenelo. Sipuling'i ya 5 kg/mm ukaisenzetsa makilogalamu 50 imafupika mamilimita 10, ukawonjezera 50 ena imafupikanso 10. Upote mphete momwe ungathere, 5 uja sasintha. Chimene wasintha ndi poyambira chabe. Dzenje lalikulu likabwera idzamenyabe, ndipo pa mabampu ang'onoang'ono tayala lidzayamba kudumpha ngati mbuzi m'malo mogwira nthaka. Zimandipweteka kukumbukira njinga zingati ndazikhwimitsa chonchi, eni ake n'kupita akuthokoza.

M'mawa mwake tinawafotokozera bambo aja kuti pakufunika sipuling'i yolimbirapo kumbuyo, ndiponso za m'mafoko a kutsogolo, chifukwa ukalimbitsa mbali imodzi njinga imaweramira inayo. Sipuling'i yolimba imabwereranso mwaukali, choncho tidzachepetsa liwiro la kubwerera kwa shoko pa kasikuluwu ka rebound.

Atamva mtengo anapukusa mutu. Kuno sizipezeka, mpaka kuitanitsa kudzera ku Lilongwe. Anafunsa ngati sitingangoika kachitsulo pansi pa sipuling'i monga amachitira a kabaza ena. Amisiri anayankha mofatsa kuti kachitsuloko n'chimodzimodzi ndi kupota mphete, kulimba sikuwonjezeka. Anakhala chete kanthawi, akusisita msana, kenako anati tiitanitse.

Pakadali pano tamasulako mphete pang'ono ndipo tawapempha kuti asamanyamule matumba kumbuyo. Masipuling'i akafika, amisiri anena kuti tepi ndi choko ndigwira ndine, iwo azingoyang'ana.