Ulendo wa ku Mua: mabuleki a pa Khwekhwerere, nthutumba yosowa ndi mkangano wa gule

Inu anzathu a m'gulu lathu losonkhanitsa ndi kusunga mbiri ndi miyambo ya kwathu amene munatsala pa ulendo wa ku Mishoni ya Mua ku Dedza, lekani kumva za m'maluwa, nkhani yake nayi. Tinanyamuka pa boma la Mchinji kusanache, aliyense ndi kachikwama kake, kupatula mayi Msungichuma amene anafika ndi poto wamkulu womanga m'chitenje n'kumukhazika pamiyendo, osalola munthu kumukhudza. A Tcheya anatsegula ndi pemphero, ndipo monga mukuwadziwira, ameni tinamunenera pa Kamwendo.

Mpaka Lilongwe ndi Dedza zonse zinali myaa. Mavuto anayamba titakhota kutsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti. Amene simunaufikepo, msewuwu umakhotakhota m'mbali mwa phiri, kunsi kuli phompho. Tili pakati tinamva fungo la chinthu chopserera, nyimbo ya amayi n'kuzima yokha. A dalaivala anaima pambali mofatsa n'kunena kuti mabuleki atentha, tonse titsike. Anyamata anathamangira miyala yotsekera matayala. Woyamba kutuluka anali a Mlembi, atakumbatira chikwama cha laputopu pachifuwa, mayi akunyumba kwawo atawasiya pampando wakumbuyo. Mayiwo atawafunsa, iwo anati, "Inu mayi muli ndi miyendo, hard drive ilibe." Tinaseka mpaka misozi, koma a Mlembi amanena zoona za kabokosi kosungira zinthu za pakompyuta kameneka. Zithunzi zakale zimene takhala tikusonkhanitsa m'midzi, nthano za agogo zimene tinajambula, nyimbo zapamtondo, zonse zinali m'kabokosi kamodzi kameneko, pamphepete pa phompho.

Podikira kuti mabuleki azizire, poto uja anamasulidwa. Abale, nkhuku ziwiri zachikuda zokazinga mpaka kufiira, nkhwani wotendera ndi nsinjiro za kwathu konkuno, nsima ikadali yofunda. Tinayala zitenje pathanthwe, nyanja ikuonekera patali. Kenaka a Tcheya anapisa dzanja m'poto kufuna nthutumba, osaipeza. Anafunanso yachiwiri, nayonso palibe. Mlandu unazengedwa pomwepo, a Nyakwawa ali woweruza. Anyamata analumbira, aphunzitsi opuma amene tinali nawo anaonetsa manja awo, ndipo ena anayamba kuloza a Mlembi kuti mwina m'chikwama muja simunali laputopu yokha. Pomaliza mayi Msungichuma anaulula okha kuti zonse ziwiri anapatsa a dalaivala, chifukwa munthu amene wapulumutsa miyoyo ndiye mkulu wa tsikulo. A Nyakwawa anagamula kuti palibe mlandu. A Tcheya anavomera, ngakhale mpaka lero akuti ali ndi ngongole yawo.

Ku Mua tinafika dzuwa litapendeka. Mishoni imeneyi anaitsegula ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo malo a zachikhalidwe a Kungoni anawayambitsa Bambo Claude Boucher a ku Canada mu 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, komanso nkhope za gule wamkulu mazanamazana. Tonse tinangoti kakasi. Chimene chinandigwira mtima ine n'chakuti zinthuzi sanangoziunjika, anazisanja ndi kuzifotokoza, ndipo mbiri ya zilombo zambiri anaiikanso pa intaneti.

M'mawa mwake tinakhala pansi ndi anzathu a ku Dedza amene akugwira ntchito yonga yathu. Anatilangiza kuti chilichonse chikhale ndi makope atatu, osati pachipangizo chimodzi, ndipo kope limodzi lizigona kutali ndi laibulale yathu kuopa moto, akuba kapena mvula. Chithunzi chakale tizichiika pa sikana mosachepera 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi), kope losunga likhale fayilo ya mtundu wa TIFF umene sutaya kanthu pa chithunzi, logawira anthu likhale ya JPEG imene imakhala yaing'ono. Tisamatumizirane pa WhatsApp mwachizolowezi chifukwa imachepetsa chithunzi, pokhapokha titachitumiza ngati dokyumenti. Chilichonse chilembedwe m'kaundula: ndani ali pamenepo, kuti, chaka chiti, anachipereka ndani. Pa zithunzi za nthawi ya atsamunda tizilemba Fort Manning, dzina lakale la boma lathu, ndi Mchinji yemwe, kuti wofufuza wa dzina lililonse achipeze.

Moto unabuka titafika pa nkhani yogawana. Mnyamata wathu wa kompyuta anati mavidiyo onse a gule amene tili nawo aikidwe pa Facebook ndi YouTube. Anati UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inauzindikira gule wamkulu mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ndiye tikubisiranji? A Nyakwawa anavula chipewa n'kuchiika pabondo, ndipo inu mukudziwa tanthauzo lake zikatero. "Mwanawe," anatero, "zapabwalo ndi za aliyense, koma zakudambwe zili ndi eni ake. Amene anakulola kujambula sanalole foni ya munthu aliyense." Mnyamatayo sanagonje. Anati, "Agogo, nanga nyimbo zimene akuzidziwa akuluakulu awiri okha m'mudzi, akatisiya tidzazipeza kuti?" Amayi nawo analowererapo, kunena kuti malangizo a kuchinamwali amene anankungwi anatipatsa si oti mwamuna aliyense azimvera pa basi. Mawu anakwera, tiyi anazizira m'makapu, ndipo anzathu a ku Dedza anangoti tipitirize chifukwa nawonso anadutsa momwemo.

Ine ndili kumbali ya a Nyakwawa, koma funso la mnyamatayo ndi lolemera ndipo lisatayidwe. Kusunga ndi kuonetsa ndi ntchito ziwiri zosiyana. Tingathe kujambula nyimboyo kuti isafe, osaiponya pa intaneti. Tinagwirizana kuti zina zikhale zoonera aliyense, zina munthu azichita kubwera ku laibulale kudzaonera pomwepo osakopera, ndipo zamwambo zitsekeredwe, wozifuna ayambe wagwada kwa mafumu ndi eni ake. Aliyense wotipatsa chithunzi kapena nthano azinena yekha gulu limene akufuna, ndipo amene salemba tizijambula mawu ake akuvomera. Za mavidiyo amene tinajambula kale pamaliro ena, tikafunsa kaye a Gulupu.

Zikomo a dalaivala potibweza amoyo, pobwerera tinadzera ku Salima ndipo palibe anatsutsa. Zikomo mayi Msungichuma, anzathu a ku Dedza, ndi amene munatilandira ku Mua. Zikomo aphunzitsi opuma chifukwa cha nyimbo za Chingoni zimene zinatichotsa tulo kuyambira pa Namitete. A Mlembi ndi mayi akunyumba anakhala mpando umodzi pobwerera, chikwama chili pakati.

Pamsonkhano ukubwerawu aliyense abwere ndi chopereka cha hard drive yachiwiri. Tikakambirananso za ulendo wa ku Zomba, ku National Archives kumene akhala akusunga zikalata za boma kuyambira 1947. A Tcheya ati adzapita pokhapokha nthutumba itawerengedwa tisananyamuke.