Mmene ndimayezera masipika anga m'nyumba

Ndikafuna kudziwa zimene sipika ikutulutsadi, sindidalira khutu lokha. Khutu limazolowera msanga, ndipo likangodziwa kuti chinthu n'chodula limayamba kuchikonda chisanalire n'komwe. Choncho ndimatenga maikolofoni yoyezera, UMIK-1 ya miniDSP, n'kuilumikiza ku kompyuta pa USB. Pulogalamu yake ndi Room EQ Wizard, imene ambiri amangoti REW, yaulere, yolembedwa ndi John Mulcahy. Ndisanayambe chilichonse ndimakopera fayilo yowongolera maikolofoniyo, pogwiritsa ntchito nambala yolembedwa pathupi pake, chifukwa iliyonse imamva mosiyanako pang'ono ndi inzake, makamaka pa mawu osongoka a pamwamba.

Sipika ndimayeza imodziimodzi. Inzakeyo ndimaizula waya. Imene ndikuyezayo ndimaikokera pakati pa chipinda, kutali ndi makoma, n'kuikweza mpaka tweeter yake, kasipika kakang'ono kotulutsa mawu osongoka, ifike mita 1.2 kuchokera pansi. Maikolofoni imakhala mita imodzi kutsogolo kwake, italoza pakati penipeni pa tweeter. Ndikafuna kuonanso mphamvu ya sipika, ndimaika amplifaya pa mavoti 2.83, omwe ndi wati imodzi pa sipika ya ma ohm 8. Masipika ambiri a m'nyumba amapereka pakati pa 85 ndi 90 dB (muyeso wa kukula kwa mawu) pamenepa.

Ndikadina batani, REW imatulutsa kulira kokwera kuchokera pa mawu a besi a pansi kwambiri a 20 Hz kufika pa osongoka kwambiri a 20,000 Hz. Poyambirira simumva kanthu kwenikweni, mumangoona woofer, sipika yaikulu yotulutsa besi, ikutuluka n'kubwerera, magalasi a pawindo akunjenjemera. Pakatha masekondi ochepa kulirako kumasongoka mpaka kuzimirira.

Mzere umene umatuluka pa kompyuta, woonetsa kukula kwa mawu kuyambira a besi mpaka osongoka, umakhala wokhotakhota kwambiri, ndipo munthu akhoza kutaya mtima n'kuganiza kuti anagula chinthu chachabe. Koma zambiri zimene zikuonekazo ndi za chipinda. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi. Ochokera ku tweeter amayenda mita imodzi kufika pa maikolofoni, pamene ogunda pansi n'kubwerera amayenda mamita 2.6, choncho amafika mochedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 4.7. Pa galafu ya impulse, yoonetsa nthawi imene mawu akufikira pa maikolofoni, mumawaona bwinobwino, kamsonga kachiwiri kakutsatira koyamba. Ndimauza REW kuti idule zonse zobwera kuyambira pa kamsongako. Mzere umayera nthawi yomweyo, ndipo apa m'pamene sipika imaonetsa khalidwe lake lenileni. Kudulaku kuli ndi mtengo wake: ndi nthawi yochepa chonchi, zonse za m'munsi mwa 200 Hz kapena apo sizingadalirike.

Besi ndimaiyeza mwa njira ina, imene D. B. Keele anaifotokoza mu 1974. Maikolofoni ndimaiyandikiza pakati pa woofer, kusiya mpata wosakwana sentimita imodzi, voliyumu nditatsitsa. Pafupi chonchi mawu a woofer amaphimba zonse za chipinda. Bowo lotulutsira mpweya, ngati lilipo, ndimaliyezanso palokha.

Gawo limene ndimalikonda kwambiri ndi lotembenuza sipika. Maikolofoni siisuntha, sipika yokha ndiyo ndimaipotoza madigiri 10, ndiyeno 20, 30, mpaka 60, n'kuyeza paliponse. Floyd Toole, amene anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri ku National Research Council ya ku Canada kenako ku kampani ya masipika ya Harman, anapeza kuti anthu akamamvera osaona sipika, ambiri amasankha imene mzere wake wa kutsogolo ndi wowongoka ndipo ya m'mbali imatsika mosalala. Muyezo wovomerezeka woyezera masipika, wa CTA-2034, umafuna kuyeza malo 70 kuzungulira sipika yonse. M'nyumba sindingafike pamenepo, koma mizere yochepayi imakwanira kuonetsa ngati pali dzenje pamalo pamene woofer imasiyira ntchito tweeter, kawirikawiri pakati pa 2,000 ndi 3,000 Hz. Dzenje lotere silimveka kutsogolo kokha ayi, limabweranso m'mawu ogunda makoma, ndipo mawu a woimba amamveka ngati ali kuseri kwa katani.

Pomaliza ndimabwezera masipika m'malo mwake, maikolofoni n'kuiika pamene mutu wanga umakhala ndikamamvera nyimbo. Apa sindidula kanthu, chifukwa tsopano ndikuyeza chipinda. Ngati makoma awiri atalikirana mamita 4, besi imatupa pafupi ndi 43 Hz ndi 86 Hz, kaya sipikayo ndi yabwino chotani. Zotupazo ndimazitsitsa ndi EQ, chida chokweza kapena kutsitsa mbali zina za mawu, ndipo sindikhudza chilichonse pamwamba pa 300 Hz ngati kuyeza koyamba kunaonetsa mzere wabwino. Maenje a besi sindiwadzaza ndi EQ, chifukwa pamenepo mafunde akufafanizana okha ndipo kuwonjezera mphamvu kumangotopetsa woofer. Ndimasuntha mpando kapena sipika masentimita 20 kapena 30, n'kuyezanso.