Anulani ufa!

Matikiti adagula ndi mayi a kunyumba, ndiye kukana kunali kosatheka. Usiku wa dzulo lake ndinali ku ntchito yosamalira okalamba, masana osaona tulo, koma ndidavala jekete n'kuwalondola mpaka ku tchalitchi china chakale m'kati mwa London, kumene amaimba nyimbo za Antonio Vivaldi atayatsa makandulo okhaokha.

Pakhomo adatipatsa kapepala, ine n'kuyamba kuwerenga ngati wodziwa. Vivaldi anali wansembe wa tsitsi lofiira wa ku Venice, ndipo ankaphunzitsa vayolini atsikana a kunyumba ya ana amasiye. Nyimbo zake zinayi za nyengo za chaka zidasindikizidwa ku Amsterdam mu 1725, iliyonse ndi ndakatulo yake. Nyimbo iliyonse ili ndi zigawo zitatu: chothamanga, chodekha, chothamanganso. Chodekhacho n'chomwe chidandigwetsa.

Itangoyamba ya nyengo yophukira ndidawagunda mayi ndi chigongono: "Iyitu ndi ija amatiikira pa foni akatidikiritsa!" Adandiyang'ana diso limodzi, ndidakhala chete. Mavayolini adalira ngati mbalame, zoona ndithu. Kenako ndakatulo imati m'busa wa mbuzi wagona pa udzu, galu wake ali pambali, ndipo vayola, vayolini yokulirapo pang'ono, imauwa kawirikawiri ngati galuyo. Mumtima ndidamuseka m'busayo. Munthu ungagone bwanji galu akuuwa m'khutu?

Idabwera ya chilimwe. Chilimwe cha ku Italy n'chachilendo, chimatha ndi mabingu ndi matalala ogwetsa tirigu. Njiwa idalira pa vayolini. Kenako chigawo chodekha chija: m'busa watopa, ntchentche zikumuzungulira, mabingu akugunda chapatali. M'tchalitchimo munali mofunda, makandulo akungophethira. Ndidati ndingotseka maso kuti ndimve bwino.

Ndidapezeka ndili kwathu ku Dedza. Ufa wa amayi uli mbuu pa mikeka itatu pabwalo, kumwamba kwada bii, pakhomo palibe ndi mwana yemwe. Apo m'pamene oimba onse adagwetsa chimvula cha chigawo chachitatu nthawi imodzi.

Ndidadzambatuka n'kuimirira. "Anulani ufa! Anulani ufaaa!"

Denga la tchalitchi nalo lidandithandiza kubwereza. Mitu yonse idatembenuka. Mtsikana woimba vayolini yotsogolera sadaphonye ngakhale pamodzi, koma mapewa ake ankagwedezeka. Mayi adandikoka jekete mwamphamvu mpaka batani lidaduka n'kugubuduka pansi pa mabenchi, ndipo tonse tinkalimva likupita.

"Bambo, khalani pansi," adatero mano ali gwa. "Tikakambirana kunyumba."

Pa nthawi yopuma, gogo wina wachizungu yemwe adakhala pambali pathu adafunsa mwaulemu tanthauzo la mawu aja. Ndisadatsegule pakamwa, mayi adayankha nkhope ili phee kuti kwathu timatero nyimbo ikatifika pamtima. Gogoyo adakondwa, adawabwereza kawiri kuti awagwire bwino.

Ya nthawi yokolola, ija alimi amaledzera n'kugona, ndidaimvera ndikudzitsina ntchafu. Ya chisanu, ya mano ogwedezeka ndi anthu oterereka pa madzi oundana, ndidaimaliza maso ali tong'o.

Atamaliza, anthu adaimirira kuwomba m'manja. Gogo uja adandikodola, n'kukweza manja onse awiri, n'kufuula ndi mtima wake wonse: "Anulani ufa!"